Dotolo akatsegula buku musamuyese mbuli

Pali nyumba imene odwala ambiri sadapondemo phazi, koma imakhudza piritsi lililonse limene amalandira pawindo la chipatala. Nyumbayi ndi laibulale ya sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo. Kuno ku Mangochi, ntchito za laibulale yotere zimayenda ndi nyengo za kunyanja: dzinja lili ndi mafunso ake, chilimwe chilinso ndi ake.

Mu Febuluwale 2024, mvula ikugwa usana ndi usiku, ndidaperekeza azakhali anga kuchipatala china cha m'mbali mwa nyanja. Mdzukulu wawo wa zaka zitatu adali atatha masiku awiri thupi likutentha ngati moto, kukana phala, kukana madzi. Titalowa m'chipinda, wachipatala wachinyamata adamubaya mwanayo pachala kuti ayeze malungo, kenako adamuimika pasikelo. Asadalembe mankhwala, adapisa m'thumba la chovala chake choyera n'kutulutsa kabuku kothaitha m'mbali. Adayang'anamo, n'kuyang'ananso pafoni.

Azakhali adanditsina pamwendo. Titatuluka adandifunsa ngati masiku ano akulemba ntchito ana amene sadamalize sukulu, poti iwo amadziwa kuti dotolo weniweni mankhwala amakhala nawo m'mutu.

Ndidaseka, koma funso lawo lidandikhala pamtima chifukwa ambiri a ife timaganiza chomwecho. Chomwe azakhali sadadziwe n'choti mankhwala a malungo a LA amaperekedwa potengera kulemera kwa wodwala. Mwana wosakwana makilogalamu 15 amamwa piritsi limodzi m'mawa ndi limodzi madzulo kwa masiku atatu, pomwe amene wafika makilogalamu 15 amamwa awiriawiri. Mdzukulu uja adali pamalire penipeni. Wachipatalayo akadangoganizira, mwana akadamwa mankhwala operewera kapena opyola muyezo.

Khalidwe lofunsa buku limeneli munthu sabadwa nalo. Amachita kuphunzira, ndipo kumene amaliphunzira kwambiri ndi mulaibulale ya sukulu yomwe idamusula.

Sukulu ya m'mbali mwa Shire

Kwa zaka zambiri dziko lino litalandira ufulu, Amalawi ofuna udotolo ankakaphunzira kunja. Sukulu ya College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, pomwe ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing idayamba mu 1979. Zonse ziwiri zidali nthambi za University of Malawi mpaka mu 2021, pomwe zidaphatikizana n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, yomwe ambiri amangoti KUHeS.

Kuyambira kalekale, akuluakulu a sukulu ya madotolo adaona kuti dotolo wophunzirira mumzinda mokha sangawadziwe bwino matenda a kumudzi. N'chifukwa chake adakhazikitsa nthambi ku Mangochi, tauni ya m'mbali mwa Shire pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe. Ophunzira amabwera m'magulumagulu kudzakhala masabata angapo, akumagwira ntchito pachipatala chachikulu cha boma ndi kupita m'midzi monga ya ku Lungwena, kutsidya la kum'mawa kwa nyanja. Kuyambira mu 2015, Mangochi adakhalanso malo osulirako madotolo a ukadaulo wosamalira banja lonse, kuyambira khanda mpaka agogo, m'zipatala za m'maboma.

Boma la Mangochi lidali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni pakalembera wa 2018. Wophunzira wobwera kuno amakumana ndi matenda amene ku Blantyre ankangowerenga, ali kutali ndi aphunzitsi ake ambiri. Pamenepa mnzake wapamtima amakhala laibulale. Malaibulale akuluakulu a sukuluyi ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, koma masiku ano chuma chochuluka cha laibulale chimayenda pa intaneti, choncho chimafika ku Mangochi, ngakhale pafoni ya m'thumba.

Alendo akafika

Chaka cha laibulale chimayamba ophunzira atsopano akafika. Ambiri mwa iwo amachokera m'sukulu za sekondale kumene buku limodzi ankaligawana anthu khumi, ndipo laibulale idali kabati yokhoma muofesi ya ahedi. Ntchito yoyamba ya oyang'anira laibulale ndi kuwayendetsa alendowa pakati pa mashelefu, kuwaonetsa tanthauzo la manambala olembedwa pamsana pa buku, ndi momwe angafufuzire pakompyuta ngati buku lilipo kapena wina wabwereka.

Mabuku a zachipatala ndi okwera mtengo koopsa, ndipo laibulale singagule okwanira kalasi yonse. N'chifukwa chake m'malaibulale a sukulu zotere mumakhala shelefu yapadera, kawirikawiri kuseri kwa tebulo la woyang'anira, yosungira mabuku osowa. Amenewa munthu amabwereka kwa maola ochepa kapena usiku umodzi basi. Ena, monga madikishonale ndi malipoti a kafukufuku wa ophunzira akale, satuluka pakhomo n'komwe.

Koma phunziro lalikulu limene mlendo amalandira ndi la kusiyanitsa nzeru ndi mphekesera. Amaphunzira kufunsa kuti walemba ndani, adalemba liti, adayesa anthu angati, ndipo adalipira kafukufukuyo ndani. Amaphunzira kufufuza mu PubMed, mndandanda wa ku America wa zolemba za zaumoyo zoposa 35 miliyoni, umene udatsegulidwa kwaulere kwa aliyense mu 1997. Amachenjezedwanso kuti kukopera ntchito ya wina osamutchula ndi kuba, ndipo kungamuchotsetse sukulu. Safunsa adadya phula, amatero akuluakulu, koma mulaibulale amawonjezera kuti uziona kaye amene ukumufunsayo.

Dzinja: malungo ali pakhomo

Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, zithaphwi zimadzaza ndipo udzudzu umaswana. Pofika Januwale mpaka Epulo, mawodi a ana amadzaza. Nyengo imeneyi mabuku a malungo sagona pashelefu. Ophunzira amasakasaka malangizo a Unduna wa Zaumoyo otchedwa Malawi Standard Treatment Guidelines, komanso njira yoyezera kukomoka kwa mwana yotchedwa Blantyre Coma Scale, imene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor adaifalitsa mu 1989 atagwira ntchito pakati pa ana odwala ku Blantyre.

Chimene anthu ambiri a ku Mangochi sadziwa n'choti zina mwa nzeru zimene dziko lapansi limagwiritsa ntchito pa malungo zidachokera m'magazi a amayi awo. Pakati pa 1987 ndi 1990, Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi bungwe la CDC la ku America udachita kafukufuku wotchedwa Mangochi Malaria Research Project. Amayi oyembekezera oposa 4,000 a m'boma lino adalola kuyezedwa mobwerezabwereza, ndipo ana awo adalondoledwa atabadwa. Ena mwa otsogolera ntchitoyi adali Dr Jack Wirima, dotolo wa kuno kwathu, ndi Dr Richard Steketee.

Iwo adapeza kuti kololokwini, amene amayi ankamwa sabata ndi sabata, adali atatha mphamvu, ndipo tizilombo ta malungo tikabisala mu nsengwa mwana amabadwa wopepuka, makamaka pa mimba yoyamba. Kafukufuku wotsatira adaonetsa kuti fansida amateteza bwino. Mu 1993 Malawi adakhala dziko loyamba kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kusiya kololokwini n'kutenga fansida ngati mankhwala oyamba a malungo, ndipo amayi oyembekezera adayamba kulandira fansida kusikelo. Zotsatira za kafukufuku wa ku Mangochi uja zidasindikizidwa pamodzi mu 1996 m'magazini ya American Journal of Tropical Medicine and Hygiene.

Komatu nkhani sidathere pomwepo. Fansida naye adayamba kugonja kwa malungo, ndipo mu 2007 dziko lino lidasinthira ku LA. Mu 2011 zipangizo zoyezera malungo pachala zidafalikira m'zipatala. Fansida wa kusikelo, amene poyamba ankaperekedwa kawiri pa mimba, tsopano amalangizidwa kuti aziperekedwa katatu kapena kuposa apo.

Taonani tsono: m'zaka zosakwana 20, mankhwala oyamba a malungo adasintha kawiri. Dotolo amene adaloweza buku la 1990 n'kulitseka, lero angaphe munthu ali ndi mtima wabwino. Apa ndi pamene pagona ntchito ina ya laibulale imene anthu saiona: kuchotsa pashelefu buku lotha ntchito ndi kuonetsetsa kuti wophunzira wagwira malangizo atsopano.

Kolera ikabuka

Dzinja lomwelo limabwera ndi kolera. Mliri waukulu koposa m'mbiri ya dziko lino udayamba mu Malichi 2022 ku Machinga, boma loyandikana nalo, mphepo ya mkuntho ya Ana itadutsa. Pofika mu 2023, anthu oposa 58,000 adali atadwala ndipo oposa 1,700 adamwalira. Mangochi adali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri, makamaka m'madoko mmene asodzi amamwa, kusamba ndi kudzithandiza m'madzi amodzimodzi.

Nthawi ngati imeneyo palibe amene ali ndi mpata wowerenga buku la masamba 1,000. Wachipatala amafuna tsamba limodzi lomuuza kuchuluka kwa madzi oyenera kulowa m'thupi la wodwala paola loyamba, ndi kasungunulidwe ka kololini wothira m'madzi akumwa kapena wotsukira pansi. Malangizo nawo amasintha mliri uli mkati. Mu Okutobala 2022, katemera wa kolera atachepa padziko lonse, mabungwe oyang'anira nkhokwe ya katemerayu adalengeza kuti pamiliri anthu azilandira kamodzi m'malo mwa kawiri. Amene sadawerenge adapitiriza kuuza anthu zakale.

Woyang'anira laibulale wodziwa ntchito sadikira kufunsidwa. Amasonkhanitsa malangizo atsopano a Unduna ndi a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, n'kuwaika poonekera kapena kuwatumiza kwa ophunzira ndi aphunzitsi. Sagwira jakisoni, koma ali m'gulu la olimbana ndi mliri.

Adani a mabuku

Mvula imene imadzaza mawodi ndi yomweyonso imaopseza mabuku. Denga likadontha usiku umodzi, shelefu yonse imatupa. Chinyontho cha kunyanja chimabweretsa chuku, ndipo chiswe chimadya buku kuyambira mkati, kunja likuoneka labwinobwino. Mphemvu ndi makoswe zimatsata nyenyeswa, n'chifukwa chake kudya mulaibulale n'koletsedwa, ngakhale mtedza wa m'thumba.

Mdani wamkulu ndi moto. Pa 18 Disembala 2015, laibulale ya Mzuzu University idapsa yonse, ndipo mabuku oposa 40,000 adasanduka phulusa m'maola ochepa. Ena mwa iwo sangapezekenso kwina kulikonse. Ngozi imeneyi idakumbutsa malaibulale onse m'dziko muno kuti zolemba zosowa, monga malipoti a kafukufuku wa ophunzira, ziyenera kusungidwanso pakompyuta.

Koma kompyuta nayo ili ndi matenda ake. Magetsi akathima, kapena intaneti ikavuta, chuma chonse cha pakompyuta chimakhala ngati nkhokwe yokhoma yomwe kiyi wake watayika. Mu Januwale 2022, mphepo ya Ana itaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lidakhala miyezi yambiri magetsi akuthimathima. N'chifukwa chake kabuku kothaitha ka m'thumba kaja sikadzatha ntchito msanga.

Masiku a mu Epulo

Mvula ikamatha, kalendala ya malaibulale a zaumoyo imakhala ndi masiku oyandikana. Pa 7 Epulo ndi tsiku la zaumoyo padziko lonse. Pa 23 Epulo ndi tsiku la mabuku, lomwe bungwe la Unesco lidakhazikitsa mu 1995. Pa 25 Epulo ndi tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi malungo. Masiku oterewa malaibulale ambiri amayala mabuku ndi zithunzi pakhomo, kuti ngakhale wodutsa aimepo.

Mu 2019 masiku awiriwa adachita ngati apangana. Pa 23 Epulo chaka chimenecho, tsiku la mabuku, Malawi adakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kudzera kusikelo, patsogolo pa Ghana ndi Kenya. Mangochi adali limodzi mwa maboma 11 amene adayambira. Zimene zidapezeka m'maiko atatuwa ndi zomwe zidachititsa WHO kuvomereza katemerayu mu Okutobala 2021. Kachiwirinso, amayi a kunyanja amene ankapita ndi ana kusikelo adalemba nawo tsamba la buku limene ophunzira a ku London ndi ku Nairobi akuwerenga lero.

Mwera, mayeso ndi kafukufuku

Juni akafika, mwera umaomba, asodzi amakokera mabwato kumtunda ndipo malungo amachepako. Koma mulaibulale mpumulo mulibe. Mayeso akayandikira, mpando umasanduka golide. Ophunzira amalawirira pakhomo lisadatsegulidwe, ena amasiya kope patebulo ngati chizindikiro choti malowo ali ndi mwini. Mabuku a pashelefu yapadera aja amachoka m'manja mwa uyu kupita m'manja mwa uyo osapuma. Ndi nyengo yomweyinso imene oyang'anira amakhala maso, chifukwa pamapezeka ena oipa mtima amene amabisa buku pashelefu yolakwika kuti aliwerenge okha, kapena kung'amba tsamba. Tsamba long'ambidwa m'buku la mankhwala lingakhale lomwelo limene dotolo wa mawa akadafuna.

Ophunzira a m'makalasi apamwamba amakhalanso ndi kafukufuku wawo. Asadapite kumudzi kukafunsa anthu mafunso, ayenera kudziwa zimene ena adapeza kale, ndipo komiti yoona za ufulu wa anthu pakafukufuku iyenera kuvomereza. Apa woyang'anira laibulale amakhala pansi ndi wophunzira mmodzimmodzi, kumuthandiza kusankha mawu ofufuzira ndi kulemba bwino maina a omwe watengako nzeru.

Wofufuza za kunyentchera kwa ana, mwachitsanzo, sangalephere kukumana ndi dzina la Lungwena. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, College of Medicine ndi sukulu ya ukachenjede ya Tampere ya ku Finland akhala akuchita kafukufuku kumeneko pa kakulidwe ka ana, kuphatikizapo kuyerekeza likuni phala ndi zakudya zowonjezera zonga chiponde. Pulofesa Kenneth Maleta wa kuno kwathu ndi Pulofesa Per Ashorn wa ku Finland ndi ena mwa amene adalemba zambiri. Zopeza zotere zimakambidwanso pamsonkhano waukulu wa kafukufuku umene sukuluyi imachititsa, kumene wophunzira amaima pamaso pa akadaulo kufotokoza ntchito yake.

Chaka cha 2020 chidasokoneza zonsezi. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, mipando idakhala yopanda anthu kwa miyezi. Pamenepo zidaonekeratu kuti laibulale imene imathera pakhoma la nyumba yake ndi yoperewera, ndipo wophunzira ayenera kutha kuifika ali kwawo ku Namwera kapena ku Makanjira.

Chilimwe: likodzo ndi mtengo wa nzeru

Okutobala akafika, dzuwa la ku Mangochi limaswa mtengo. Ana amathera tsiku m'madzi, ndipo likodzo limapeza mpata. Kwa zaka zambiri, zolemba zinkanena kuti kumwera kwa nyanja kuli likodzo la m'chikhodzodzo, lija lokodzetsa magazi. Koma mu 2017 akatswiri a Liverpool School of Tropical Medicine ndi anzawo a kuno adapeza m'magombe a Mangochi mtundu wina wa nkhono umene umafalitsa likodzo la m'matumbo. Atayeza ana a sukulu adapeza kuti matendawa afikadi, ndipo adalengeza zimenezi m'magazini ya Emerging Infectious Diseases mu 2019. Dr Sekeleghe Kayuni naye adafufuza momwe likodzo limaonongera ziwalo zoberekera za asodzi a m'boma lino. Mu 2022 WHO idatulutsa malangizo atsopano oti m'madera okhudzidwa kwambiri mankhwala a likodzo azifika kwa onse kuyambira ana a zaka ziwiri mpaka akuluakulu, osati ana a sukulu okha.

Zonsezi sizikadapezeka m'buku losindikizidwa mu 2010. Zimatuluka m'magazini a kafukufuku, ndipo vuto la magazini amenewa ndi mtengo. Nkhani imodzi yokha imatha kugulitsidwa madola 30 kapena kuposa. Kale zinkachitika kuti kafukufuku wochitikira ku Mangochi ankawerengedwa ku America, dotolo wa ku Mangochi osatha kumuona.

Zinthu zidayamba kusintha mu Januwale 2002, pomwe WHO idagwirizana ndi makampani asanu ndi limodzi osindikiza mabuku kukhazikitsa ndondomeko ya Hinari. Kudzera mmenemo, sukulu ndi zipatala za m'maiko osauka zidayamba kuwerenga magazini pafupifupi 1,500 kwaulere kapena pamtengo wotsika. Ndondomekoyi idakula n'kukhala gawo la Research4Life. Mu 2003 malaibulale a m'dziko muno adapanga mgwirizano wa Malico, kuti azisonkherana ndalama zolipirira magazini a pa intaneti, poti mutu umodzi susenza denga.

Ngakhale zili choncho, zambiri zimalipiridwabe m'madola. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti ya laibulale iliyonse yogula zinthu kunja idafota tsiku limodzi. N'chifukwa chake sabata ya kumapeto kwa Okutobala, imene malaibulale padziko lonse amalimbikitsa zoti kafukufuku aziwerengedwa mwaulere, ili ndi tanthauzo lalikulu kuno. Chitsanzo chabwino tili nacho kale: Malawi Medical Journal, magazini ya madotolo athu imene idayamba ndi dzina loti Medical Quarterly, imawerengedwa kwaulere pa intaneti ndi aliyense.

Paufulu pamabweranso akamberembere. Pali magazini achinyengo amene amasindikiza chilichonse bola walipira, osapereka kwa akatswiri ena kuti aunike. Palinso makina monga ChatGPT amene amayankha mokoma, koma nthawi zina amapeka ngakhale dzina la kafukufuku amene sadachitikepo. Kuphunzitsa ophunzira kuzindikira misampha imeneyi tsopano ndi gawo la ntchito ya laibulale.

Nanga ife a kumsika?

Wina anganene kuti zonsezi ndi za anthu ophunzira, iye ndi wogulitsa usipa pa M'baluku kapena ku Monkey Bay. N'zoona kuti laibulale ya sukulu ndi ya ophunzira ndi aphunzitsi ake, ndipo wakunja amayenera kupempha chilolezo. N'zoonanso kuti pafupifupi zonse zili m'Chingerezi chovuta, pomwe amayi amene adapereka magazi awo mu 1987 ankalankhula Chiyao ndi Chichewa.

Apa pali ngongole. Nzeru zimene zidatengedwa m'midzi ya kuno ziyenera kubwerera kwa eni ake m'chilankhulo chimene amamva. Zina zimabwerera kudzera mwa alangizi a zaumoyo, m'maphunziro a kusikelo ndi pawailesi monga Dzimwe ya ku Monkey Bay. Koma ofufuza akabwera m'mudzi mwanu, muli ndi ufulu wofunsa cholinga chawo, wokana popanda kulandidwa chithandizo, komanso wopempha kuti adzabwerenso kudzakuuzani zimene apeza. Mafumu ndi makomiti a zaumoyo asamachite manyazi kukumbutsa zimenezi.

Phunziro loyamba la mulaibulale lija nalonso ndi la aliyense. Uthenga wa mankhwala ukafika pa WhatsApp, funsani mafunso omwe aja: walemba ndani, liti, ndipo akugulitsa chiyani? Uthenga wopanda dzina, wolonjeza kuchiza matenda khumi ndi botolo limodzi, ndi wokayikitsa. Nthawi ya kolera, Thanzi ORS ndi kuthamangira kuchipatala zidapulumutsa anthu ambiri, pomwe mphekesera zidachedwetsa ena mpaka kufera panjira.

Makolo amene ana awo akulota za unamwino kapena udotolo adziwenso kuti ntchito imeneyi kuwerenga kwake sikutha. Mwana wozolowera kufunsa buku ali ku pulayimale sadzavutika akadzafika pakati pa mashelefu. M'mera mpoyamba. Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli buku la laibulale limene mwana adabwera nalo patchuthi n'kuliiwala, libwezeni. Pali wina amene akulifuna.

Mdzukulu wa azakhali uja adachira patatha masiku atatu, ndipo lero akuthamanga ndi anzake kumchenga. Nditawafotokozera za makilogalamu 15 aja, azakhali sadayankhe kanthu, adangopitiriza kusankha mpunga wawo. Koma mwezi wotsatira adabwera kuchokera kusikelo akudandaula za wachipatala wina amene adangolemba mankhwala mothamanga, mwana osamukweza pasikelo, m'buku osayang'anamo. Ameneyo, adatero azakhali, sadamukhulupirire.